Tomato wa mbewu yosunga wabereka mitundumitundu, chalakwika n'chiyani?

MayiWaKudimba, Bembeke

Moni nonse. Ine ndimalima tomato kuno ku Bembeke, dimba langa lili m'mbali mwa kamtsinje, ndipo chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi chiyambireni. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo.

Chaka chatha ndinalimba mtima n'kugula kapaketi ka mbewu ya haibulidi, ija amalemba F1 pachikutopo. Mtengo wake unandiwawa, koma zipatso zake zinandipukuta misozi. Tomato yense anali wofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, wotalikirapo pang'ono, wolimba, khungu see. Mavenda ankandipeza kudimba komweko, osasenzanso dengu kupita kumsewu. Ndiye ndinati mbewu iyi sindiitaya. Ndinasankha zipatso 12 zokongola kuposa zonse, ndinafinyira njere m'kambale, ndinazisiya masiku atatu kuti chonanda chija chichoke, n'kutsuka, n'kuyanika pamthunzi. Mayi anga ankachita chomwecho ndi matimati awo, ndipo sanadandaulepo.

Ndinafesa panazale mu Epulo, mu Meyi ndinawokera mbande 240. Panopa ndayamba kuthyola, koma zimene ndikuona sizimene ndinadzala. Pamzere umodzi womwewo, mtengo uwu wabereka wotalika ngati chala, wotsatira wozungulira ngati ndimu, wina ndiye ali ndi khosi ngati kachipanda. Ilipo ndithu mitengo yofanana ndi ya chaka chatha, koma dengu limodzi likumatuluka ngati ndatola m'madimba anayi. Dzulo venda amene amandigula nthawi zonse wakhala pansi n'kumasankha chimodzichimodzi, zozungulira zonse wandisiyira.

Alamu anga akuti tomato wa aneba, amene amalima Money Maker tsidya la ngalande, wakwatira wanga kudzera mwa njuchi. Apongozi akuti ndinachulutsa manyowa a ng'ombe n'kuchepetsa feteleza. Ine mtima wina ukundiuza kuti mwina paketi ija inali yosakaniza, koma nanga bwanji chaka chatha zonse zinali zofanana? Paja amati make mbuu mwana mbuu, ndiye ana awa atengera yani?

Ndikufuna kudziwa chenicheni chimene chimachititsa kuti tomato akhale wotalika kapena wozungulira. Chili m'njere, m'nthaka kapena m'nyengo? Ndipo kodi ndingathe kubweza mtundu wa chaka chatha uja osagulanso paketi?

Venda_paLizulu

Pepani mayi, koma mnzangayo musamuone ngati wankhanza. Ife timakonda wotalikirapo chifukwa cha ulendo. Wozungulira wamadzi uja ukamuika pansi pa dengu, galimoto n'kugunda mabampu awiri atatu, ukafika ku Lilongwe wapeza msuzi. Wotalikirapo ngati Tanya mnofu wake ndi wochindikala, madzi ochepa, amagona pabenchi masiku angapo osafewa, komanso pomanga mulu amakhazikika bwino. Wozungulirayo mugulitseni kwa amayi a malesitilanti ndi achips amene amadula tsiku lomwelo, osataya. Za njuchizo ine ndimamva anthu ambiri akunena, ndiye mwina alamu anuwo akunena zoona.

Mphunzitsi_Biology

Mayi, zikomo pofotokoza mwatsatanetsatane chonchi. Ine ndimaphunzitsa Biology pasekondale ina ku Ntcheu, ndipo kuseri kwa nyumba ndili ndi timabedi ta tomato timene ana a Fomu 4 amaphunzirirapo za chibadwa. Dimba lanulo ndikanakonda ana anga akanaliona, chifukwa zimene timavutika kujambula pabolodi inu mwazidzala pamizere.

Choyamba ndiwachotsere mlandu aneba anu. Mawa m'mawa thyolani duwa limodzi muliyang'anitsitse. Pakati pake pali kachitsononkho kachikasu kosongoka. Mukakang'amba ndi chikhadabo mupeza kandodo kobiriwira kabisala mkati, ndipo patsinde pake pali kathumba kakang'ono ngati njere ya mapira, kamene kamadzakula n'kukhala chipatso. Mungu umatuluka m'kati mwa kachitsononkho kaja n'kugwera pakandodo ka duwa lomwelo. Tomato amadzikwatira yekha. Duwa lake lilibe timadzi totsekemera, n'chifukwa chake njuchi za uchi sizilicheukira kwenikweni. Bemberezi ndiye amabwera kudzaligwedeza, ndipo nthawi zina amasamutsa mungu, koma pamaluwa ochepa kwambiri. Komanso ngakhale mungu wa Money Maker utafika paduwa lanu, sungasinthe maonekedwe a chipatso cha chaka chimenecho. Mnofu ndi khungu la chipatso ndi thupi la mtengo umene wabereka. Mungu umangokhudza njere za m'kati, ndipo zotsatira zake zimaoneka njerezo zikadzalidwa.

Paketi ija sinali yosakaniza. Nkhani yagona pa zilembo ziwiri zija, F1.

Opanga mbewu amasunga mitundu iwiri yosiyana, uliwonse wokhazikika paokha, n'kuikwatitsa pamanja, duwa ndi duwa. Ntchito imeneyi ndi imene imakweza mtengo. Njere iliyonse yotuluka pamenepo imalandira theka la malangizo kuchokera kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo poti makolowo ndi okhazikika, ana onse amalandira zofanana. Ndiye mazira a nkhuku imodzi munawaona aja. Koma mwana wa F1 uja m'thupi mwake wanyamula makope awiri osiyana a malangizo ambiri. Akamapanga njere zake amagawa makopewo mwachisawawa, njere iyi itenga la agogo aamuna, iyo la agogo aakazi, ina onse awiri. Zimene mwadzala chaka chino ndi zidzukulu, timazitcha F2, ndipo zatengera agogo amene inu simunawaonepo. Wasayansi Gregor Mendel anaziona zimenezi pa nsawawa ku Brno, mzinda wa ku Czech Republic, n'kuzilemba mu 1866. Mayi anu sankakumana nazo chifukwa matimati awo anali atadzikwatira okha mibadwo yambirimbiri, makope awiri aja anali atafanana kale.

Tsopano malangizowo. Timawatcha majini (osati aja a mizimu ayi), tizigawo ta DNA, uthenga wa chibadwa wolembedwa ngati zilembo m'kati mwa maselo (tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi). Tizigawoti tandandalikidwa pa timaulusi totchedwa makromosomu. Tomato ali ndi mapeya 12 a makromosomu ndi majini pafupifupi 35,000, monga anapezera ofufuza pamene anawerenga DNA yonse ya mtundu wa Heinz 1706 mu 2012. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti pa chikhamu chonsechi, amene amaumba chipatso kwambiri ndi owerengeka pa zala. Kholo la tomato yense, limene limamerabe lokha m'tchire ku Peru ndi ku Ecuador, limabereka tizipatso tozungulira tating'ono ngati nsawawa, ta zipinda ziwiri m'kati. Zotalika, zamakhosi ndi zamatanthwe zonsezi zinabwera majini ochepawa atasintha, anthu n'kumasunga zimene zawakomera.

Otalikitsa odziwika bwino ndi awiri. Wina dzina lake OVATE, ali pa kromosomu 2, ndipo anamupeza mu 2002 ku Cornell University, m'gulu la Steven Tanksley. Akakhala wabwinobwino ntchito yake ndi kuletsa kathumba kaja kutalika, ndiye chipatso chimazungulira. Mwa tomato wina chilembo chimodzi cha DNA chinasintha, malangizo n'kudukira panjira, choletsa chija n'kufa. Zikatero maselo a mbali ya kuphesi amagawikana motsata utali, ndipo kathumba kamakhala katatalika kale duwa lisanamasule n'komwe. Koma kuti zioneke, mtengo uyenera kulandira makope awiri onse owonongeka. Ukalandira limodzi labwino, chipatso chimazungulirabe, lowonongekalo n'kubisala kudikira mbadwo wotsatira. Khosi la kachipanda mwanenalo limatuluka kwambiri pamene OVATE wowonongeka wakumana ndi mnzake wina, OFP20, nayenso atafooka. Izi zinasindikizidwa mu 2018, ndipo anapezanso kuti majini a banja lomweli ndi anzawo ogwira nawo ntchito amaumbanso mbatatesi, nkhaka ndi mavwende a mtundu wa melon.

Winayo ndi SUN, ndipo mbiri yake ndimaikonda kuposa ina yonse. Anamufotokoza mu 2008 a gulu la Esther van der Knaap ku Ohio State University, dzinalo linachokera ku mtundu wa tomato wotchedwa Sun1642. Mu DNA muli tizidutswa tina timene timatha kudzikopera n'kukadzimata pamalo ena. Kena mwa ito, kotchedwa Rider, tsiku lina kanalakwitsa pokopera, kananyamula chigawo cha zilembo pafupifupi 24,700 kuchokera pa kromosomu 10 n'kukachimata pa kromosomu 7. M'chigawocho munali jini ameneyu. Kwawo kwakale ankagwira ntchito pang'onopang'ono, koma kumalo atsopanowo anakhala pafupi ndi chomuyatsa champhamvu, n'kuyamba kugwira mopitirira muyeso m'duwa ndi m'kachipatso kongobadwa kumene. Zinachitika kamodzi, pamtengo umodzi, m'munda wa munthu wina, munthuyo n'kusunga njere monga munachitira inumu. SUN sabisala ngati OVATE. Kope limodzi limatalikitsa pang'ono, awiri amatalikitsa kwambiri.

Achimwene a pa Lizulu, zimene mwanena za dengu n'zimene zinachitikanso ku California m'zaka za m'ma 1960. Atapanga makina okolola tomato, wozungulira wofewa ankaphwanyika, ndiye Jack Hanna wa ku yunivesite ya ku Davis anasankha mtundu wolimba wotchedwa VF145 woti upirire makinawo. Kuyambira pamenepo tomato wa kufakitale wakhala akusankhidwira kulimba ndi kutalikirapo.

Za manyowa, apongozi anu akhoza kulondola pa kukula kwa zipatso ndi kuchuluka kwa masamba, koma manyowa sangasandutse wotalika kukhala wozungulira. Pali njira yophweka yodziwira. Imani pamtengo umodzi muone zipatso zake zonse kuyambira phava la pansi mpaka la pamwamba. Ngati zonse zikufanana pamtengowo koma zikusiyana ndi za mtengo woyandikana nawo, nkhani ndi ya chibadwa. Ngati pamtengo umodzi pali zabwino ndi zopindika, muyang'ane nyengo ndi kathiriridwe.

Ndikupempheni kanthu kamodzi. Yendani mzere ndi mzere ndi kope la mwana wasukulu, muwerenge mitengo, osati zipatso. Ingati yotalika kwambiri, ingati yapakati ngati ya chaka chatha, ingati yozungulira, ingati yamakhosi. Mukatipatsa manambalawo yankho la funso lanu lachiwiri lipezeka.

Gogo_waTsangano

Aphunzitsi, mwandikumbutsa kutali. Ife tikukula kunali phwetekere wina wamkulu wophwatalala, wamizeremizere ngati dzungu, mmodzi yekha ankakwanira ndiwo za banja. Ukamudula m'kati tizipinda tambirimbiri ngati chisa cha mavu. Sankayenda ulendo, ukathyola m'mawa madzulo wafewa, koma m'nkhwani wotendera ankakoma zedi. Kunalinso tina tating'onoting'ono tomera tokha kudzala, towawasa, ana tinkangotola n'kumadya. Wamkulu uja masiku ano sindikumuonanso pamsika. Kodi iyeyo majini ake ndi omwe mwatchulawa?

Ndiponso mwana wanga wa ku Bembeke, poti unawokera mu Meyi ndiye kuti maluwa oyamba anakumana ndi chisanu cha Juni. Kwathu kuno tikadzala nthawi imeneyo zipatso za pansi zimatuluka zokwinyika kumsonga, zipsera zakuda, zina ngati ziwiri zamatana. Usataye mtengo chifukwa cha zimenezo, za pamwamba zimadzakhala bwino kukayamba kufunda.

Mphunzitsi_Biology

Agogo, pa za chisanu mwalasa. Usiku ukamazizira kufika cha m'ma digiri 10 mpaka 13 pamene timaluwa tikuumbika, kathumba kaja sikatsekeka bwino kumsonga, ndipo chipatso chimakula ndi chipsera chimenecho. Mitundu ya zipatso zazikulu ndi imene imavutika kwambiri. Zimenezi sizilowa m'njere. Chimodzimodzi kuola kwakuda kwa kumsonga kuja, kumene kumabwera madzi akamaperewera lero mawa n'kuchuluka, mchere wa calcium osafika bwino kuchipatso. Wotalika ndiye sachedwa kugwidwa nako.

Phwetekere wanu wamizere uja nkhani yake ndi ya majini ena awiri, LC ndi FAS. Awa satalikitsa, amachulukitsa zipinda. Kunsonga kwa mphukira iliyonse, kumene duwa limayambira, kuli kagulu ka maselo amene amabala maselo ena onse. Kaguluka kali ngati moto wa pamafuwa wokhala ndi anthu awiri, wina wosonkhezera, wina wophula nkhuni ukakula. Wosonkhezerayo ndi jini yotchedwa WUSCHEL, wophulayo ndi CLV3. Akamamvana, kaguluko kamakhala kakang'ono ndipo duwa limapanga zipinda ziwiri, ngati timatimati ta kudzala tija. LC ndi kusintha kwa zilembo ziwiri zokha pafupi ndi WUSCHEL pa kromosomu 2, kumene kumachititsa wosonkhezera kuchedwa kuleka, zipinda n'kufika zitatu kapena zinayi. FAS ndi ngozi yaikulupo. Pa kromosomu 11 chigawo cha zilembo pafupifupi 294,000 chinatembenuka chamutu kumiyendo, ndipo podukira pake panali pafupi ndi CLV3, wophula uja n'kufooka. Gulu la Zachary Lippman ku Cold Spring Harbor, ku New York, ndi limene linasonyeza zimenezi mu 2015. Awiriwa akakumana pamtengo umodzi zipinda zimafika 8 kapena kuposa, chipatso chimaphwatalala, ndipo mizere ija imatsata malire a zipindazo. Ngakhale duwa lake limaoneka, m'malo mwa timasamba tachikasu tisanu limakhala ndi tambiri, lotambalala ngati mpendadzuwa waung'ono.

Mu 2017 a gulu lomwelo anagwiritsa ntchito CRISPR, njira yodulira DNA pamalo osankhidwa, kudula pang'onopang'ono malo oyatsira CLV3, n'kupeza mitengo ya zipinda zochuluka mosiyanasiyana, kuyambira zochepa mpaka zambiri, malinga ndi mmene wophula uja wafookera. Ine ndimawauza ana kuti zimene alimi a ku Mexico ndi kwina anachita m'zaka mazanamazana posankha zipatso zazikulu, anthuwa anazibwereza m'nyengo zochepa.

Agogo, ngati alipo wina m'mudzi amene akusungabe phwetekere ameneyo, chonde mundipemphereko njere ngakhale khumi. Ameneyo ndi wokhazikika, sabalalika ngati haibulidi, ndipo akasowa kumudzi ndiye kuti wasowa ndithu, chifukwa m'masitolo simumupeza.

MayiWaKudimba, Bembeke

Zikomo nonse. Lero ndathirira msanga n'kuyamba kuwerenga ndi mwana wanga wamkazi, iye akulemba ine ndikuitana. Mitengo yamoyo yatsala 226, ina inafa ndi kufota. Yotalika kwambiri tapeza 53, yapakati ngati ya chaka chatha 115, yozungulira 58. Yamakhosi ndi 9 yokha ndipo yonse ili m'gulu la yotalika lija. Agogo munanena zoona, zokwinyika zili pamaphava a pansi okha, ndipo zili pamitengo ya magulu onse. Duwa ndalithyolanso aphunzitsi, kathumba ndakaona. Ka pamtengo wamakhosi kanali kale kosongoka, ka pa wozungulira kanali ngati kamkanda. Ndawaonetsa alamu anga, angoti zii kuyang'ana.

Ndiye poti yapakati ndi yambiri, ndisunge njere za imeneyo?

Mphunzitsi_Biology

Mayi, manambala anuwo ndawawerenga kawiri. 53, 115, 58. Ndiye kuti pa mitengo inayi iliyonse, umodzi wotalika, iwiri yapakati, umodzi wozungulira. Umu ndi mmene zimagawikira pamene jini imodzi yamphamvu, yochita ngati SUN, inali ndi makope awiri osiyana mwa F1 uja. Yotalika ili ndi makope awiri otalikitsa, yozungulira ilibe ngakhale limodzi, yapakati ili ndi limodzi.

Apa ndiye pali uthenga wowawa pang'ono. Ngati zili choncho, maonekedwe amene mavenda akuwafunawo ndi a mtengo wa makope osiyana, ndipo mtengo wotero sungabereke ana ofanana nawo onse. Mukasunga njere za yapakati, chaka chamawa mudzapezanso theka lapakati, ina yotalika, ina yozungulira, ndipo zidzatero chaka ndi chaka ngakhale mutasankha mosamala chotani. Imene ingakhazikike pa jini imeneyi ndi ya kumapeto iwiriyo.

Njira ilipo koma ndi yaitali. Lowani m'gulu la 53 lija, siyani yamakhosi, mufunefune mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi imene zipatso zake n'zazifupi ndi zonenepa kuposa zinzake, zolimba, mtengo wake wathanzi. Majini ena ang'onoang'ono amakokera utali uku ndi uku, ndipo amenewo ndi amene mukuwasaka. Mangani kansalu pamtengo uliwonse. Njere za mtengo uliwonse muziike mu envelopu yakeyake, ndipo podzala, mtengo uliwonse ukhale ndi mzere wakewake wa mbande 20 kapena 30. Kusakaniza m'kambale kamodzi kuja kusiyeni. Mzere umene watuluka wofanana kwambiri ndi wokomera msika, musankhemonso mitengo yabwino, mubwereze. Mbadwo uliwonse wodzikwatira umadula pakati kusiyana kwa makope kotsala. Pa F2 patsala theka, pa F3 gawo limodzi mwa anayi, ndipo pofika F6 patsala pafupifupi 3 pa 100. Poti kudimba mungathe kudzala kawiri pachaka, ndi ntchito ya zaka ziwiri kapena zitatu. Dziwaninso kuti si maonekedwe okha amene abalalika. Mahaibulidi ambiri amanyamula majini opirira matenda ndi minyongolotsi ya m'mizu pa kope limodzi lokha, ndiye mtengo wooneka wodwala musatengepo njere ngakhale zipatso zake zikongole.

Ine ndikanakhala inu, ntchito imeneyi ndikanaipatsa mabedi awiri okha a kumapeto. Dimba lonselo, limene likudyetsa ana, ndikanadzalamo paketi yatsopano ya F1 ngati ndalama zilipo, apo ayi mtundu wokhazikika kale ngati Tanya, Roma VF kapena Tengeru 97, umene unatulutsidwa ku Tanzania mu 1997. Imeneyo mukhoza kusunga njere monga ankachitira mayi anu.

MayiWaKudimba, Bembeke

Ndamva aphunzitsi, ngakhale za yapakatizo zandigwetsa mphwayi, ndinali nditayamba kale kuika pambali zipatso zake. Zimenezo tidyera ndiwo. Ndang'amba chitenje chakale, mawa ndikamanga mitengo isanu ndi umodzi m'gulu la yotalika, ulipo umodzi pafupi ndi chitsime umene zipatso zake n'zonenepa ndithu ndipo masamba ake akadali obiriwira pamene oyandikana nawo ayamba kupsa. Mabedi akumtunda ndidzaikamo Tanya. Agogo, Loweruka ndikhala pa Lizulu ndi madengu awiri a ozungulira, ngati njere za phwetekere zija zapezeka mutumize wina, ndigawana ndi aphunzitsi.